Chakudya cha mayi woyamwitsa: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kusikelo, m'magulu a amayi m'midzi ndiponso pakhomo pamene pafika khanda. Mayankhowa akulunjika pa zakudya zimene zimapezeka kumunda, kudimba ndi pamsika wapafupi.

Kodi mayi woyamwitsa ayenera kudya chakudya chochuluka bwanji?

M'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, mayi amene akuyamwitsa mwakathithi amatulutsa mkaka wokwana mamililita 750 mpaka 800 patsiku. Kuti mkakawu upangike, thupi limafuna makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) owonjezera pafupifupi 500 tsiku lililonse, kuposanso mmene linkafunira ali woyembekezera. Gawo lina la mphamvuzi limachokera m'mafuta amene thupi linasunga nthawi ya pakati, koma lalikulu liyenera kuchokera m'mbale.

Njira yapafupi yokwaniritsira zimenezi ndi kudya katatu monga mwa nthawi zonse, n'kuwonjezerapo kawiri: kamodzi dzuwa lili chakumadzulo, kwinako mmawa pakati pa kadzutsa ndi nkhomaliro, kapena usiku musanagone. Chowonjezeracho sichifuna kukhala chapamwamba. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja umapereka makalori pafupifupi 170, nthochi imodzi pafupifupi 100, dzira lowiritsa 75, mbatata yophika imodzi yapakatikati 130 kapena kuposerapo. Peyala lathunthu limadutsa 200. Choncho mayi amene wadya mbatata ndi mtedza mmawa, kenaka peyala ndi nthochi masana, wakwanitsa zonse osayatsanso moto kachiwiri.

Kuwonjezera mitanda ya nsima pokhapokha si yankho. Mimba idzadzaza, mphamvu zidzapezeka, koma zimene thupi likutaya kwambiri kudzera mumkaka zili m'ndiwo.

Ndikadya mosakwanira, mkaka wanga umakhala wopanda ntchito?

Ayi. Funso limeneli ndi lofunika kuliyankha mwatsatanetsatane chifukwa amayi ambiri amayamba kupatsa mwana phala asanakwane miyezi isanu ndi umodzi poganiza kuti umphawi wawo wasukulutsa mkaka.

Thupi la mayi limaika mwana patsogolo. Kuchuluka kwa mkaka, shuga wake, zomanga thupi, kashiamu, ayironi ndi zinki zimakhala pafupifupi chimodzimodzi ngakhale mayi akudya movutikira, pokhapokha ngati iye mwini wanyentchera kwambiri. Zimatheka chifukwa thupi limatapa zinthuzi m'nkhokwe za mayiyo, m'mafupa, m'minofu ndi m'magazi. Wovutika ndi mayi: amawonda, amafooka, amachita chizungulire, amadwaladwala, ndipo akatenga pakati pena posachedwa amayamba ali wotheratu.

Pali zina zimene zimatsikadi mumkaka mayi akazisowa m'chakudya. Izi ndi vitamini A, mavitamini B1, B2, B6 ndi B12, ayodini ndi seleniyamu. Mafuta a nsomba amene amathandiza ubongo ndi maso a mwana nawonso amachuluka kapena kuchepa mumkaka malinga ndi zimene mayi akudya. N'chifukwa chake kasinthasintha wa ndiwo ali wofunika kuposa kukula kwa mtanda. Komabe ngakhale mkaka wa mayi wodya movutikira umaposa kutali phala lamadzimadzi, tiyi kapena mkaka wam'chitini wosungunulidwa ndi madzi osadalirika. Chakudya chikachepa pakhomo, dyetsani mayi, iye ayamwitse mwana.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amatiuza kuchipatala, tingawakwanitse bwanji tsiku limodzi?

Magulu amene Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa ndi awa: zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, mapira ndi nthochi zophika, zanyama monga nsomba, mazira, mkaka, nyama, ngumbi ndi mbewa, zanyemba monga nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza, zamasamba, zipatso, ndi zamafuta monga mafuta ophikira, mapeyala ndi nthanga za maungu. Sikuti onse akhale m'mbale imodzi. Chofunika n'chakuti pofika usiku mukhale mutakhudza gulu lililonse.

Tsiku likhoza kuyenda motere. Mmawa phala la mgaiwa lothira masipuni awiri aakulu a nsinjiro, ndi papaya kapena mango. Pakati pa mmawa mbatata yophika ndi kapu ya thobwa. Masana nsima ndi usipa wothira tomato ndi kamafuta pang'ono, pambali pake nkhwani. Chakumadzulo nthochi kapena magwafa ndi mtedza. Usiku nsima ndi nyemba ndi bonongwe. Apa magulu onse akwana, nyama yogula pabutchala palibe.

Gulu limene limasowa kawirikawiri ndi la zanyama, ndipo ndi lokhalo limene limapereka vitamini B12. Kamulu ka usipa, matemba, utaka kapena bonya, dzira limodzi, kapu ya chambiko kapena ngumbi m'nyengo yake zimakwanira patsiku. Tinsomba ting'onoting'ono timaposa chambo pa mfundo imodzi: timadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli kashiamu, ayironi, zinki ndi vitamini A. Kudula mitu ya usipa ndi kutaya gawo labwino kwambiri. Ngati ikuwawa, viikani usipawo m'madzi otentha kwa mphindi zochepa kuti mchenga uchoke, kenaka kazingani pang'ono musanathire tomato. Chiwindi cha nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe kamodzi pasabata chimabwezeretsa ayironi ndi vitamini A mofulumira.

Mgaiwa kapena ufa woyera?

Mgaiwa. Pokonola chimanga timachotsa gaga ndi kamtima ka njere, ndipo tikachiviika m'madzi masiku angapo mavitamini B ena amatsalira m'madzi amene timataya aja. Chotsala ndi ufa wokongola m'maso wokhala ndi mphamvu koma mavitamini ochepa. Mgaiwa umasunga mafuta, zomanga thupi zambiri ndi vitamini B1, amene amatsika msanga mumkaka mayi akamusowa. Umathandizanso kuti m'mimba musamange, vuto limene limasautsa amayi m'masabata oyamba, makamaka amene asokedwa.

Ngati apabanja sakufuna nsima ya mgaiwa, apiteni pansi: phala la mmawa likhale la mgaiwa, kapena sakanizani mgaiwa ndi woyera theka ndi theka.

Ndi zakudya ziti zimene zimachulukitsa mkaka? Anthu amati thobwa, mtedza wauwisi, chinangwa chachiwisi kapena masese.

Chimene chimachulukitsa mkaka ndi kuyamwa kwa mwana. Bere likamakhuthulidwa pafupipafupi, thupi limalandira uthenga woti lipange wina wambiri. Likakhala lodzaza nthawi yaitali, kapangidwe kamatsika. Palibe chakudya chimene chingalowe m'malo mwa zimenezi.

Thobwa ndi labwino, ndipo sitilinyoza. Limapereka madzi ndi mphamvu, limamweka ngakhale mayi alibe chilakolako cha chakudya, ndipo chimera chimafewetsa ufa kotero kuti ayironi ndi zinki zimalowa m'thupi mosavuta. Mayi wotopa amene wamwa thobwa n'kukhala pansi mtima uli m'malo amaonadi mkaka ukutsika bwino. Chofunika n'chakuti likhale lozuna, lisanasase n'kusanduka mowa. Mtedza ndi chakudya chabwino, koma wokazinga kapena wowiritsa sutsalira pa wauwisi. Chinangwa chachiwisi chilibe mphamvu yapadera pamkaka, ndipo ngati ndi chowawa chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chikasendedwa, kuviikidwa masiku angapo ndi kuumitsidwa monga amachitira okonza ufa wa kondowole. Masese ndi mowa, ndipo mowa umachepetsa mkaka umene mwana amayamwa.

Mukaona ngati mkaka wachepa, yambani mwayang'ana izi musanathamangire kumsika. Kodi mwana akuyamwa kasanu ndi katatu mpaka khumi ndi kawiri pausana ndi usiku? Kodi akuyamwanso usiku, nthawi imene thupi limatulutsa kwambiri mahomoni opangira mkaka? Kodi akugwira bere moyenera, kukamwa kuli yasa, mlomo wam'munsi utapindikira kunja, chibwano chitakhudza bere, gawo lalikulu lakuda lija lili m'kamwa? Mwana woyamwa nsonga yokha amavulaza mayi, satulutsa mkaka wokwanira, ndipo amalira ngati wanjala. Kodi mukumusiya amalize bere limodzi musanamusinthe? Mkaka woyamba kutuluka ndi wamadzimadzi wothetsa ludzu, wamafuta wokhutitsa umabwera kumapeto. Kodi akupatsidwa madzi, tiyi kapena phala, zimene zimamutsekereza kuti asayamwe mokwanira?

Ndingadziwe bwanji kuti mwana akukhuta?

Kuyambira tsiku lachisanu, mwana wokhuta amakodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa patsiku, mkodzo wosanunkha ndi wosada. Amatsika sikelo pang'ono m'masiku oyamba, koma pofika masabata awiri amakhala atabwerera pamene anabadwira, kenaka mzere wa m'buku lake umakwera mwezi ndi mwezi. Mabere ofewa pakatha miyezi iwiri kapena itatu si chizindikiro chakuti mkaka watha. Thupi langozolowera mlingo wa mwanayo. Kulira ndi kufuna bere kosalekeza kwa masiku awiri kapena atatu kumachitika mwana akamakula mofulumira, ndipo mkaka umachuluka wokha mukamupatsa.

Ndizimwa madzi ochuluka bwanji? Nanga mwana m'nyengo yotentha?

Imwani nthawi iliyonse mwamva ludzu, ndipo khalani ndi kapu pambali poyamwitsa chifukwa ludzu limabwera mwana akangoyamba kuyamwa. Kwa amayi ambiri zakumwa zonse pamodzi, madzi, thobwa, msuzi ndi mkaka, zimafika malita awiri kapena atatu patsiku. Mkodzo woyera ndi chizindikiro chakuti zakwana, wachikasu kwambiri ukusonyeza kuti muwonjezere. Kudzikakamiza kumwa zidebe sikuchulukitsa mkaka. Madzi akhale owiritsa kapena othira kulorini, makamaka nyengo ya dzinja pamene kolera ndi matenda otsegula m'mimba amafala.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi safuna madzi, ngakhale mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Karonga. Pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse a mkaka wa m'mawere ndi madzi. Kukatentha amayamwa pafupipafupi kwa nthawi yochepa, ndipo ndi mmene amathetsera ludzu.

Ndinataya magazi ambiri pochira. Ndidye chiyani kuti abwerere?

Choyamba, musasiye mapiritsi owonjezera magazi aja tsiku lochira. Pitirizani kumwa kwa masabata 6 mpaka 12, kapena monga akuuzirani kuchipatala. Chakudya chokha chimachedwa kubweza magazi a mayi amene wataya ambiri. Mapiritsiwa amadetsa chimbudzi, ndipo zimenezo si vuto. Akamakuchititsani nseru, imwani mutadya kapena pokagona. Akamamanga m'mimba, wonjezerani madzi, papaya ndi masamba.

Ayironi wa m'zakudya ali mitundu iwiri. Wa m'chiwindi, nyama, nsomba ndi mbewa amalowa m'thupi mosavuta. Wa m'nyemba, soya, nandolo, bonongwe, chisoso, luni ndi kholowa amalowa movutikira, koma vitamini C amamutsegulira njira. Ndiye mukadya nyemba kapena masamba, tsirizani ndi gwafa, lalanje, nachesi, mango, papaya, masawu kapena madzi a malambe, kapena finyirani ndimu m'ndiwo zitapsa. Kansomba pang'ono m'mbale yomweyo kamathandizanso. Nyemba za NUA45 zinakonzedwa kuti zikhale ndi ayironi ndi zinki wambiri kuposa nyemba wamba, ndipo n'zoyenera kuzifunafuna kwa alangizi a zaulimi.

Tiyi amachita zosiyana ndi vitamini C: amamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe. Musatsitsire nsima kapena mapiritsi ndi tiyi. Dikirani ola limodzi kapena awiri. Zakumwa zofiira za m'botolo siziwonjezera magazi, kufiira kwake ndi utoto chabe.

Malungo ndi njoka za m'mimba zimathanso magazi, choncho gonani m'neti pamodzi ndi mwana ndipo funsani mankhwala a njoka kuchipatala. Mukamapuma befu poyenda pang'ono, mtima ukamathamanga, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mukayera, kayezetseni magazi osadikira tsiku la sikelo.

Masamba timadya tsiku lililonse. Pali cholakwika pa kaphikidwe kathu?

Nthawi zambiri chilipo. Kudula masamba kenaka n'kuwatsuka kumatayitsa mavitamini osungunuka m'madzi. Tsukani kaye, mudule pambuyo, muphike nthawi yomweyo. Madzi akhale ochepa, owira kale, mphika wovindikira, ndipo masamba aphulidwe akadali obiriwira. Msuzi wake usatayidwe.

Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba msanga n'kusunga nkhuni, koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini B angapo. Therere lopanda soda ambiri salimva kukoma, ndipo kulidya apo ndi apo palibe vuto. Cholakwika ndi kuthira soda m'nkhwani, m'khwanya ndi m'nyemba tsiku ndi tsiku. Nyemba zimapsa msanga mukaziviika usiku wonse n'kutaya madzi oviikirawo, ndipo kuteroko kumachepetsanso mpweya m'mimba.

Vitamini A wa m'masamba obiriwira, maungu, karoti ndi mbatata yofiira m'kati amafuna mafuta kuti alowe m'thupi. Sipuni imodzi ya mafuta ophikira kapena nsinjiro zotendera zimakwanira. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Kaphulira, ndi imodzi mwa njira zotsika mtengo zokwezera vitamini A mumkaka. Ikaphikidwa futali ndiye kuti mafuta abweramo kale. Chigwada chisinjidwe ndi kuphikidwa mokwanira, chifukwa masamba a chinangwa aawisi nawonso ali ndi poizoni.

Pali zakudya zimene ndiyenera kusala kuti mwana asadwale m'mimba?

Zambiri zimene amayi amaletsedwa zilibe mlandu. Mpweya wa nyemba ndi kabichi umapangika m'matumbo a mayi ndipo sufika m'mimba mwa mwana kudzera mumkaka. Malalanje, mandimu ndi bwemba sizisasitsa mkaka. Tsabola, adyo ndi anyezi zimasintha kafungo ka mkaka pang'ono, koma ana ambiri sadandaula nazo. Mazira, therere, nsomba zopanda mamba monga mlamba, zonsezi n'zololedwa. Makanda ambiri amalira kwambiri madzulo m'masabata oyamba, kulirako kumafika pachimake chapamasabata asanu ndi limodzi n'kuyamba kuchepa pa miyezi itatu kapena inayi, kaya mayi wasala kapena sanasale. Mayi amene amuletsa ichi ndi icho amatsala ndi nsima ndi ndiwo imodzi, pa nthawi imene thupi lake likufuna zambiri.

Ana ochepa amadana ndi mkaka wa ng'ombe umene mayi wamwa. Zizindikiro zake ndi timagazi m'chimbudzi, zidzolo zosatha, kusanza kwambiri ndi kusakwera sikelo. Zikatero pitani naye kuchipatala, osangoyamba kusala mwa nokha.

Choyenera kusala ndithu ndi mtedza ndi chimanga chachuku. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo gawo lake limafika mumkaka wa m'mawere. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Vuto ndi lakuti mtedza wabwino timagulitsa, wofota, wosweka ndi wakuda n'kuusinja nsinjiro zapakhomo. Sankhani mtedza umodziumodzi, tayani wofota, wowawa ndi wosintha mtundu. Musanyowetse makoko ndi madzi kuti asavute kuswa. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'thumba, ndipo matumba asakhudze pansi kapena khoma.

Tiyi, khofi, zakumwa zozizira ndi mowa?

Makapu awiri kapena atatu a tiyi patsiku alibe vuto, bola asakhale pa nthawi ya chakudya. Tiyi ndi khofi zili ndi kafeini, chinthu chothamangitsa tulo. Malire a kafeini amene amalangizidwa ndi mamiligalamu 200 mpaka 300 patsiku. Kapu ya tiyi ili ndi 40 kapena 50, ya khofi pafupifupi 100. Khanda la masabata ochepa, makamaka lobadwa masiku osakwana, limachedwa kuchotsa kafeini m'thupi, ndiye likhoza kusowa tulo. Zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zisiyeni. Zakumwa zashuga za m'botolo zimadya ndalama imene ikanagula mazira angapo.

Mowa umalowa mumkaka pa mlingo wofanana ndi wa m'magazi a mayi. Umachedwetsa kutsika kwa mkaka ndipo umasokoneza tulo ta mwana. Chabwino ndi kusamwa. Amene wamwa botolo limodzi laling'ono adikire maola osachepera awiri asanayamwitse, ndipo botolo lililonse lowonjezera ndi maola ena awiri. Kufinya mkaka n'kutaya sikufulumizitsa kanthu. Kachasu ndi masese mphamvu yake sidziwika, choncho kuwerengera maola sikuthandiza. Mayi amene wamwa asagone pamphasa kapena pabedi limodzi ndi khanda.

Za mchere bwanji?

Gwiritsani ntchito mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini. Mayi woyamwitsa amafuna mamaikulogalamu 250 a ayodini patsiku, ndipo ubongo wa mwana umadalira ayodini wa mumkaka. Ayodini amauluka mchere ukakhala padzuwa, pachinyezi kapena pafupi ndi moto, choncho usungeni m'botolo lotseka ndipo thirani ndiwo zitatsala pang'ono kupsa. Sipuni yaing'ono imodzi patsiku, kuphatikizapo wa m'nsomba zouma ndi zokometsera ndiwo, ndiwo malire. Mafuta ophikira ndi shuga zopakidwa m'mafakitale a m'Malawi zimayenera kuwonjezeredwa vitamini A. Yang'anani chizindikiro chake papaketi, ndipo mafuta musawasiye padzuwa.

Ndinachira kudzera pa opaleshoni. Ndisale nyama, mazira ndi mafuta kuti bala lipole?

Ayi. Bala limapola ndi zomanga thupi, zinki ndi vitamini C, ndiye mazira, nsomba, nyemba, mkaka ndi zipatso ndi zimene zikufunika kwambiri. Mafinya amabwera chifukwa cha tizilombo, osati chifukwa cha dzira. Achipatala akakulolani kudya, yambani ndi phala ndi msuzi, kenaka bwererani ku chakudya cha masiku onse.

Ndili ndi HIV ndipo ndikumwa ma ARV. Kadyedwe kanga kasiyane?

Kuyambira mu 2011, Malawi amapereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV. Mayi womwa mankhwala mwandondomeko ayamwitse mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, kenaka apitirize pamodzi ndi zakudya zina monga amulangizira kuchipatala. Magulu a zakudya ndi omwewo, kungoti thupi lake limafuna mphamvu zoposerapo, ndiye chakudya chowonjezera chija asachiphonye. Kusowa chakudya si chifukwa chodumphitsira mankhwala, pakuti kudumphitsa ndi kumene kumachulukitsa tizilombo m'magazi ndi mumkaka. Zilonda pansonga ya bere kapena kutupa kwa bere zionedwe msanga. Mankhwala azitsamba asasakanizidwe ndi ma ARV popanda kufunsa.

Ndikudwala. Ndisiye kuyamwitsa? Nanga ndikatumbiza?

Malungo, chimfine ndi kutsegula m'mimba siziwononga mkaka. Mkakawo umanyamula chitetezo chimene thupi la mayi likupanga polimbana ndi matendawo. Sambani m'manja, imwani zamadzi zambiri, thanzi ORS ngati mukutsegula, ndipo idyani pang'onopang'ono kangapo. Uzani dokotala kuti mukuyamwitsa asanakulembereni mankhwala. Bere likatupa, kufiira ndi kutentha, pitirizani kuyamwitsa mbali yomweyo. Likapanda kusintha patatha tsiku limodzi, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala.

Mkaka wa mayi amene watenga pakati pena suola ndipo si poizoni. Umachepa ndi kusintha kakomedwe mimba ikamakula, basi. Chimene chimatupitsa ana otumbizidwa ndi kuchotsedwa kubere mwadzidzidzi n'kusiyidwa ndi phala lopanda kanthu. Mayi wotere akudyetsa anthu atatu, ndiye afunika chakudya chowonjezera, mapiritsi a magazi ndi kuyamba sikelo ya amayi oyembekezera msanga. Ngati anapitapo padera, anachirapo masiku osakwana kapena akutaya magazi, akambirane ndi azamba.

Ndikufuna kuchepetsa thupi. Ndingayambe liti?

Dikirani miyezi iwiri yoyamba idutse kuti mkaka ukhazikike. Pambuyo pake kutsika theka la kilogalamu pasabata sikusokoneza mkaka. Chepetsani shuga mutiyi, mandasi, tchipisi ndi zakumwa za m'botolo, osati ndiwo, zipatso kapena nthawi zodyera. Tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi ogulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook asiyeni. Ambiri ndi otsegula m'mimba, ndipo zimene zili m'kati mwake sizidziwika.

Kodi ndingasale kudya pa Ramadan kapena pa mapemphero a kutchalitchi?

Chisilamu chimalola mayi woyamwitsa kusasala ngati akuopera thanzi lake kapena la mwana, ndipo atsogoleri a chipembedzo amalongosola kabwezeredwe ka masikuwo. Ngati mwana sanakwane miyezi isanu ndi umodzi, kuli bwino kudikira. Amene wasankha kusala amwe madzi ambiri usiku wonse, adye chakudya chokhalitsa m'mimba m'bandakucha, monga phala la nsinjiro, mazira kapena nyemba, ndipo amasule akamva chizungulire, mkodzo ukada kwambiri kapena mwana akachepetsa kukodza.

Nyengo ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, tingatani?

Nyengo imeneyi ufa ndi umene umasowa, koma ndiwo zamasamba zimamera paliponse: bonongwe, chisoso, luni, denje, nkhwani. Ndi nyengonso ya mango, ngumbi ndi bowa wodziwika bwino. Kukonzekera kumayamba pokolola. Sungani mtedza, soya ndi nyemba zina m'malo mogulitsa zonse. Futsani masamba: aviikeni m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, muwaumitse pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limapha vitamini A, kenaka musunge mfutsowo mouma.

Soya ndi wotsika mtengo kuposa nyama, koma amafuna kakonzedwe. Wosaphika bwino amatupitsa m'mimba ndipo amalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi. Musankheni ali wouma, mumuthire pang'onopang'ono m'madzi owira kale kuti asasiye kuwira, aphike pafupifupi theka la ola, mumutsuke n'kuchotsa makoko, aume, kenaka apite kuchigayo. Kumunyowetsa ndi madzi ozizira asanaphikidwe ndi kumene kumabweretsa fungo limene anthu ambiri amadana nalo. Sakanizani kapu imodzi ya ufa wa soya ndi makapu anayi a mgaiwa, mlingo wofanana ndi wa Likuni Phala. Phala lake ndi la mayi komanso la mwana amene wakwana miyezi isanu ndi umodzi.

Kagawidwe ka ndiwo pakhomo n'kofunika monga kapezedwe kake. M'mabanja ambiri mayi amapakulira bambo, alendo ndi ana, iye n'kutsala ndi msuzi. Bambo, apongozi ndi agogo akhoza kusintha zimenezi tsiku lomwelo pouza mayi kuti ayambe wapatula gawo lake, ndiponso pomulandira ntchito yotunga madzi, kutola nkhuni ndi kulima, imene imamudyera mphamvu ndi nthawi yoyamwitsa. Mayi amene akuwonda moonekera apite kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala, kumene amayeza mkono ndi kalamba koyezera n'kuona ngati akufunika chakudya chowonjezera cha kuchipatala.